Lamba wa Danche pa Waya

Loweruka, 9 Febuluwale 1963

Khosi loipa. Danche ali ndi khosi loipa, ndaona ndi maso anga. Ndamutsegula kukamwa ndi supuni pafupi ndi windo, m'kati muli zoyera ngati mafuta a pamwamba pa mkaka. Ndi mmene zinayambira kwa mlongo wanga Mitko. Iye tinamuika m'manda sabata isanathe.

Danche wanga, mwana wa chaka ndi theka.

Msewu wotsikira ku tauni watsekeka, chipale chofewa chafika m'mawindo. Wachipatala wa pa kampu pano anatsika kukakwatira chipale chisanagwe, mpaka lero. Foni inafa Lachitatu. Wailesi inapsa chaka chisanathe, akuti chitsulo chake chili m'njira. Tatsala pamalire pano asilikali, agalu, ine ndi mwana.

Chatsala ndi makina a uthenga wachinsinsi, a Dobri. Koma waya wake nawonso waduka kumunsi kwa chigwa. Dobri mwamuna wanga, sajeni amene amalankhula ndi likulu tsiku ndi tsiku, lero sangathe kuitanira mwana wake dokotala. Akuti alumikiza mawa. Akuti ndisalire, mbali inayo pa makina pamakhala Petko, kum wathu, amene anatiimirira pa ukwati, dzina la mwanayu anapereka ndi iye. Petko akangowerenga sakhalanso pansi.

Mwana ndamumanga pakhosi nsalu yonyowetsa ndi rakiya, kachasu wa kuno. Wamwa mkaka pang'ono.

Lamulungu, 10 Febuluwale

Ndinapita ku mtengo wa nsanza. Sindinauze munthu.

Amuna onse anali kumunsi ndi waya. Mwana ndinamusiya kukhitchini ndi bai Stanyo, ophika, ndinati ndikukatunga madzi ku kasupe popeza mpope wauma ndi kuzizira. Anandiyang'ana, anayang'ananso thumba la epuloni yanga, anati pita bulka, ine maso anga ndi okalamba. Amanditchabe bulka ngati ndakwatiwa dzulo.

Ndinachita monga amachitira amayi. Ndinapukuta khosi la mwana ndi lamba wake wofiira, uja wautali tinkamukulungira ali wakhanda, amayi analuka okha. Ndinakauviika m'kasupe, n'kuumanga pa mtengo. Nthambi za m'munsi, za nsanza zakale, zakwiririka. Ndinakwera pa mulu wa chipale, ndinamanga pamwamba penipeni. Pobwerera osacheuka. Nthenda itsale pamenepo. Womasula ndiye amaibweza.

A Lefutenanti Karaivanov atamva, Dobri akhoza kuitanidwa ku Chipani kukayankha za mkazi wokhulupirira zachikale. Aitanidwe.

Masana waya alumikiza. Chipinda cha makina ndi chathu khoma ndi limodzi, ndimamva zonse. Belu, belu la Petko kuyankha, kenako kugogoda kuja ngati matalala pa malata. Ndinagwada. A Lefutenanti analamula kuti lipoti la malire liyambe, za mwana pambuyo. Lipoti lisanathe, belu kasanu. Kasanu ndiye kuti Petko akuwerenga zopanda mutu. Anayambiranso. Kasanu. Mpaka mphepo inakula, anasiya.

Dzina la Danche silinafike n'komwe pa waya.

Lolemba, 11 Febuluwale

Danche akutsokomola ngati kagalu. Thupi moto.

Ndinam'gwira Dobri pa malaya kuti andiuze bwinobwino, ndine wa sukulu yochepa koma si chitsiru. Anakhala pa bedi osavula nsapato. Anati makina ndi awiri, a kuno ndi a kwa Petko, onse amadya tepi ya pepala ya timabowo, mipukutu iwiri yofanana ngati mapasa. Iye akagogoda chilembo, tepi ya kuno imachisandutsa china, ya kwa Petko imachibweza. Koma ziziyenda phazi limodzi. Ina ikatsogola ndi kabowo kamodzi kokha, zotsatira zonse ndi phala. Anati, "Zlatka, zili ngati povina gule wa horo. Mmodzi akaphonya phazi, mzere wonse wapindika."

Ndiye pali china chake pa waya chimene chikukankha makina a Petko kuti aponde phazi limene Dobri sanaponde.

Ndinati bwererani pambuyo muyambirenso. Anati tepi yadutsa siibwerera, amaiwotcha, ndi lamulo. Pa tepi pali mizere yofiira ya manambala. Akaphonyana amalumphira pa mzere wotsatira onse awiri, belu katatu, n'kuyamba pamodzi. Kulumpha kulikonse tepi ikupita. Mpukutu watsopano umabwera pa galimoto. Galimoto imabwera pa msewu.

Ndinati ndiye lemba poyera, opanda tepi, mawu asanu okha, chinsinsi chili pati pa mwana wodwala? Anati chotsegulira chake anachimata ndi mtovu. Waya umayenda m'mbali mwa malire, a tsidya lija amamvetsera. Akadziwa kuti kampu yadulidwa, ilibe msewu, ilibe wailesi. Wothyola mtovu ndi khoti la asilikali.

Ndinamunena mawu oipa. Sindiwalemba.

Lero ayesa kanayi. A Lefutenanti akuti amene analumikiza waya analumikiza ngati akumanga mbuzi, awatumanso kumunsi. Bai Stanyo pondipatsa nyemba anati mwamuna wako ndi kum wake akuvina ngati zimbalangondo ziwiri zoledzera, iyi ikapita kumanja inayo kumanzere. Ankafuna ndiseke. Nyemba ndinazisiya pa mbaula.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Dzulo sindinalembe. Manja anali ndi mwana.

Mawu amuthera. Akalira pakamwa pamangotseguka. Popuma pamamveka kamluzu, pansi pa khosi pamalowa m'kati. Ndimam'khazika pa nthunzi ya ketulo, nkhuni zikutha, asilikali akundibweretsera za m'chipinda chawo.

Anyamata awiri anayesa kutsika dzulo pa matabwa a kumapazi otsetserekera pa chipale. Chipale chagumuka pa mpata wa phiri wa Khomo la Mimbulu, abwerera, mmodzi zala zakuda.

Waya analumikizanso mwatsopano. Chimodzimodzi. M'mawa mphepo itagona pang'ono anafika pa mawu akuti mwana wa sajeni. Mphepo inadzuka, belu kasanu. Ndiye Petko akudziwa kuti ndi mwana, sakudziwa kuti watani. Kenako analiza belu lake losalekeza, lopanda nambala, lopanda lamulo. Ndinalimva pakhoma. Anali kufunsa.

Mpukutu watsala wopyapyala ngati chibangili. Mizere iwiri. A Lefutenanti atseka chipinda, kiyi m'thumba. Akuti yotsalayo ndi ya tsiku limene adani adzawoloke, sangaitaye pa waya wodwala. Dobri anawatsatira mpaka pabwalo, ndinaona pawindo. Komuredi Lefutenanti, komuredi Lefutenanti. Iwo anati, "Ndipezereni chimene chikukhudza waya, nditsegula. Apo ayi, ndikakupatsani kiyi mungowotcha tepi yomaliza, mwana osapindula kanthu."

Sindingawade. Maso awo nawonso ndi ofiira.

Dobri anabwera, anakhala pansi n'kutsamira khoma. Anati usiku athyola chitseko ndi mtovu womwe, am'mange. Kenako anayamba kulankhula yekha. Si polumikiza paja. Ndi chinthu chonyowa, chimagwa pa mawaya onse awiri mphepo ikawomba, n'kuchokanso. Nthambi ayi, m'mbali mwa msewu anasadza m'chilimwe. Chinthu chimene kunalibe sabata yatha.

Ndinali kupotokola madzi m'nsalu. Manja anaima okha.

Ndinatenga ndowa, ulendo wa ku kasupe.

Ndinaima patali, pa mwala. Mawaya alemera ndi ayezi, atsika ngati chingwe choyanikapo mabulangete, akudutsa pamwamba penipeni pa mtengo uja. Lamba wa Danche. Waumirako kumapeto ngati ndodo, pakati ukunyowa ndi nthunzi ya kasupe. Mphepo ikabwera umadzuka, umagona pa mawaya, umagwanso. Ndinauyang'ana ukuchita zimenezi katatu.

Asilikali potsika amadulira njira ya kumtunda, ku kasupe sadutsa. Ndiponso mtengo umenewu, monga amanenera bai Stanyo, aliyense amaudziwa, palibe amauona.

Ndinabwerera ndi ndowa yopanda madzi. Sindinaumasule.

Amayi anamangira Mitko malaya ake pa mtengo wa kwathu. M'busa wina anawachotsa, anali abwino. Tsiku lachitatu Mitko anapita. Amayi mpaka lero m'busayo samupatsa moni.

Ndam'pempha Dobri adikire mpaka mawa, asathyole. Wandifunsa chifukwa. Ndati mawa.

Lachinayi, 14 Febuluwale

Tsiku la Trifon Woyera. Kwathu lero akudulira mphesa, abambo aledzera kale.

Kutacha ndinamuyang'ana Danche. Milomo yabiriwira. Lamba wakhala pa mtengo kuyambira Lamulungu, mwana akungotsika. Ndinaganiza, mwina popanda lamba akanapita kale, ndi lamba amene wam'gwira. Ndinaganizanso, Mitko analibe dokotala. Kumudzi kwathu kunalibe waya. Kuno waya ulipo, ine ndine ndaukhalira.

Sindikudziwa chimene chili choona. Ndinangosankha.

Mfundo inali itauma, zala zinalephera, ndinamasula ndi mano. Ndinauza kasupe kuti ngati nthenda ikubwerera ibwerere mwa ine, ndine ndamasula, pakamwa panga ndi pamene pakhudza. Ndinaukulunga m'chifuwa, m'kati mwa malaya, pakhungu.

Kwa Dobri sindinapite. Ndinapita molunjika kwa a Lefutenanti, anali kumeta ndevu. Ndinauika lamba pa tebulo, madzi akudontha pa mapepala awo. Ndinati chokhudza waya ndi ichi, ndinamanga ndine, mwamuna wanga sakudziwa, lembani dzina langa lokha. Anayang'ana nthawi yaitali, sopo kutsaya limodzi. Anafunsa kuti ndi pa mtengo uja. Ndinati inde. Anafunsa wamasula ndani. Nditati ndine, anaika lumo pansi. Ndi a kumudzi nawonso, amadziwa tanthauzo lake.

Anati, "Mu lipoti ndilemba kuti ayezi. Tengani chinthu chanucho, mayi, kaitaneni sajeni."

Dobri anaona lamba m'manja mwanga pakhonde. Anaudziwa. Anangondigwira kumutu ngati mwana, n'kuthamanga.

A Lefutenanti anati za mwana ziyambe, lipoti lisiyidwe. Mphepo inali kuwomba ndithu. Ndinaika khutu pakhoma, Danche paphewa. Belu la Dobri. Chete. Ndinati Petko watopa nafe, wachokapo. Kenako belu lake, msangamsanga ngati anagona pa mpando pomwepo. Nambala ya mzere. Kuyankha. Katatu.

Kugogoda. Kugogoda. Ndinali kudikira kasanu kaja, mano ali gwa. Sikanabwere. Kugogoda kunatha kokha, bwinobwino, ngati munthu wamaliza kunena.

Yankho linabwera patapita nthawi, pa mzere womaliza. Dobri wandibweretsera pepala lake ngakhale n'koletsedwa, ndaliwerenga ndi chala. Mayi Dokotala Vasileva anyamuka lero ndi jekeseni, thirakitala mpaka pa mlatho, kuchoka apo wapansi ndi anyamata. Inu kumbani kuchokera kumtunda. Mwana akhale chokhala, nthunzi, ndipo akayamba kubanika

Pamenepo tepi inatha. Makina analembabe zilembo zopanda mutu mzere umodzi, n'kusiya.

Akayamba kubanika titani? Dobri anatembenuza pepala ngati kumbuyo kuli mawu. Belu la Petko linalira kamodzi. Dobri anayankha kamodzi. Basi, zokambirana zatha mpaka galimoto itabwera ndi mpukutu wina.

Bai Stanyo aphika nyemba mphika waukulu, anyamula okha fosholo. Akuti pa ukwati wa Danche adzavina ndi dokotalayo, akhale wokalamba kapena wa ndevu. Amuna onse atsika, a Lefutenanti patsogolo. Atsala alonda a pamalire ndi agalu.

Lachisanu, 15 Febuluwale

Dobri sanabwere, agona kumene akukumba. Ndili ndekha ndi Danche.

Lamba ndauvala ine pakhosi. Wauma. Ndikumeza malovu kuti ndione ngati payamba kupweteka. Sipakupweteka. Bwanji sipakupweteka?

Danche wakhala chokhala pamiyendo panga, ndikulemba ndi dzanja limodzi kuti ndisakuwe. Ketulo yachitatu. Ndathyola mpando wa Dobri kuika pa moto. Kamluzu kaja kachepa, sindikudziwa ngati ndi bwino kapena ndi mphamvu zikutha. Wanditsegulira maso, wagwira lamba, waukoka. Waudziwa.

Mphepo yaleka. Waya uli zii pamwamba pa mtengo, wabwinobwino, wopanda chonena.

Mlonda wa pa nsanja wakuwa kuti akuona anthu kumunsi kwa Khomo la Mimbulu, timadontho takuda, magulu awiri, pakati pawo chipale choyera chisanakumbidwe. Ndam'funsa kutalika kwake. Wati si patali, mlongo. Mawu ake sanali a si patali.

Agalu ayamba kuuwa chakumunsi.

Dokotala, sindikukudziwani, mayi inu, siyani chikwama chachikulu, tengani jekeseni yokha, kwawani pamwamba pa chipale. Kum Petko, dzina munam'patsa ndinu. Dobri kumba. Fikani tsopano, osati madzulo, tsopano, wayamba kukoka mpweya ndi mapewa, ndamuimiritsa pawindo kuti akuoneni mukubw