Misomali Yadzaza Pabwalo, Koyilo Yanga Ikungolira

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 26, ndimalima chimanga ndi mtedza kuno kwa Mwase. Sukulu ndinalekezera giredi 6, ndiye kalembedwe mundikhululukire. Koma manja anga amagwira ntchito. Njinga ndimakonza ndekha, wailesi ikaduka waya ndimalumikiza.

Chaka chatha ndinamanga nyumba pamalo pomwe panali chigafa cha fodya cha malemu atate anga aakulu. Chigafacho chinapsa kalekale, ndipo ankasungiramonso matabwa akale ndi ngolo yothyoka. Mitengo inapsa, koma misomali siipsa. Ili m'dothi bwalo lonse pamodzi ndi timawaya toduka. Tikasesa imabisala, mvula ikagwa imatuluka.

Mwana wathu Anna ali ndi chaka ndi miyezi itatu, wangoyamba kumene kuyenda. Pafupifupi masabata awiri apitawa anaponda msomali kuseri kwa khitchini. Sunalowe kwambiri. Tinatsuka ndi madzi amchere n'kumanga kansalu, ndipo akusewera bwinobwino. Koma ine kuyambira tsikulo ndikamuona akutsetsereka pakhonde, mtima umakhala m'mwamba.

Alamu anga a Bornwell ali ndi ditekita, makina aja amene amalira akamva chitsulo pansi. Anawapangira munthu wina wokonza mawailesi ku boma, nthawi ija anthu anatengeka ndi nkhani za golide. Golideyo sanamuone, ndipo chimbale chakutsogolo chija, chimene amati koyilo, chinapondedwa ndi ng'ombe n'kuphwanyika. Bokosi la makinawo lokha ndi lamoyo. Anandipatsa, nati ngati ndingathe kupanga koyilo ina ndigwiritse ntchito. Wokonza mawailesi uja anasamuka ndipo foni yake sikupezeka.

Nditatsegula yophwanyikayo ndinaona kuti m'kati ndi waya wa kopa chabe wozungulizidwa. Ndinati iyi ndi nkhani yaing'ono. Ndinamasula waya m'fani yakupsa, ndipo pofuna kuti yanga ikhale yolimba, ng'ombe isadzaiphwanyenso, ndinakulunga wayayo pa limu ya kanjinga ka ana. Ndinazunguliza kambiri ndithu kuposa yakale ija, poganiza kuti waya akachuluka mphamvunso ichuluka. Nditalumikiza, makina anangolira osaleka. Ngakhale kuwalozetsa kumwamba, kulira basi.

Kachiwiri ndinakhoma misomali mozungulira pathabwa, ndinakulunga waya pamisomalipo, thabwalo n'kulimanga ku ndodo ndi bawuti. Kulira komwe kuja. Kachitatu ndinazula misomali, ndinachotsa bawuti, wayayo n'kumumanga ndi tizingwe malo anayi. Apa inakhalako chete, koma ikangokhudza udzu imalira, pomwe khasu lenileni ndikaliika pansi pake imalimva mwa apo ndi apo.

Amake Anna poyamba ankaseka, ankati ndabweretsa mbuzi yolira tsiku lonse koma yosadyeka. Panopa sakusekanso. Dzana anandipeza ndili pamawaya, iwo ali chiimire mwana kumbuyo, nati, "Bambo a Anna, masiku khumi mwana ali kumsana ngati wakhanda. Mvula ikayamba bwalo lili chonchi, ine ndikupita naye kwa amama ku Chikomeni." Ndinapempha kuti andipatse sabata imodzi. Anangoti, "Mwanayu akufuna kuyenda, sadikira sabata yanuyo."

Aphungu, mitambo yayamba kale kusonkhana. Sindikufuna mwana wanga akaphunzirire kuyenda pabwalo la eni ine ndili moyo. Nanga anthu adzati chiyani, si adzati mwamuna walephera kusamala pakhomo pake? Ndikulakwitsa pati pa koyiloyi? Kapena ndingoitaya?

H.N., Mwase Lundazi

A H.N.,

Tiyambe ndi phazi, koyilo idikire. Mawa m'mawa tengani Anna ndi khadi lake la kusikelo mupite kuchipatala, mukanene kuti anaponda msomali wa m'dothi komanso tsiku limene anaponda. Munachita bwino kutsuka, koma bala la msomali limatseka msanga pamwamba, ndipo kafumbata amakonda bala lotero. Achipatala akaona ngati katemera wake ndi wokwanira. Musazengereze poti akusewera.

Kalata yanu ndinapita nayo kwa mayi Brenda, amene ntchito yawo ndi kukulunga mamota a zigayo. Atawerenga pa limu ya njinga paja anavula magalasi n'kuseka, nati, "Munthuyu waweta galu wosaka, n'kumumangirira nyama pamphuno." Makinawo sanalakwe. Ntchito yawo ndi kulira akamva chitsulo, ndipo inu munawapatsa chitsulo choti asasiyane nacho, koyamba limu, kachiwiri misomali ndi bawuti.

Nazi zimene anandiuza. Bokosilo linapangidwa mogwirizana ndi koyilo yakale ija, ndiye musaitaye. Imasuleni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti waya anazungulira kangati, ndipo yanu izungulire komweko, osawonjezera. Kukula kwake kukhalenso komweko. Waya wa m'fani yakupsa musiyeni, chifukwa vanishi wake anapsa ndipo mawaya akukhudzana m'kati. Dulani kachidutswa ka waya wa koyilo yakaleyo mupite nako kwa okulunga mamota, akupatseni watsopano wonenepa chimodzimodzi.

Kulungani pa ndowa ya pulasitiki yofanana kukula ndi koyilo yakaleyo, mothina. Poivula pandowapo mangani ndi ulusi pafupipafupi, osati malo anayi okha, kenako pakani vanishi kapena guluu mpaka ilowerere, muisiye iume gwa. Yachitatu ija inkalira pa udzu chifukwa mawaya ankagwedera. Ikauma imangirireni pachivindikiro cha pulasitiki ndi chingwe cha nayiloni, ndodo ikhale ya nsungwi, bokosi likhale m'mwamba pafupi ndi dzanja. Nsonga ziwiri za waya muzipale mpaka kopa awale musanalumikize, ndipo chingwe chopita ku bokosi muchimange ku ndodo kuti chisalendewere. Kumunsiko kusapezeke chitsulo ngakhale kaphini. Mukaiyesere kumunda, kutali ndi malata, mutakwirira msomali kuya kwa chala. Ntchitoyi ipatseni masiku awiri. Ikakanikabe, mwina vuto lili m'bokosi, ndipo muibweze kwa alamu anu mtima uli m'malo.

Tsopano zanga. Inu mukufuna bwalo loyera, si makina. Pezani sipika yakufa, muchotse maginito ake, muwamange chingwe. Gawani bwalo ndi zingwe monga muchitira polima mizere. Mzere uliwonse palani pang'ono ndi khasu, kokani maginito kawiri katatu, yoyolani zimene zamatirira muponye m'chitini. Misomali yambiri ituluka motero. Ditekita ibwere pambuyo kudzafuna yotsalira yakuya. Yambani ndi kamalo ka pafupi ndi khonde, mukayeretse, mukatsindire bwino n'kukatchinga ndi mpanda wa bango kuti mwana akhale ndi poyambira.

Amake Anna akunena zoona. Masiku khumi abereka mwana wolemera amene akulimbana kuti atsike, uku akuphika, uku akutunga madzi. Sakukuthawani. Komanso mukayamba kupala, misomali idzakhala pamtunda kuposa lero, ndipo imeneyo si nthawi yoti mwana akhale pafupi. Musadikire kuti anyamuke okha mokwiya. Nenani ndinu kuti apite sabata imodzi kapena ziwiri, muwaperekeze, mukafotokozere apongozi anu ndi pakamwa panu chimene mukukonza kunyumba. Anthu amene mukuopa pakamwa pawowo si amene adzathamange ndi mwana kuchipatala akadzapondanso.

Chenjezo langa ndi ili. Koyilo ikadzagwira ntchito, musadzaikhulupirire ikakhala chete. Batire ikafooka kapena kawaya kakamasuka, imakhalanso chete pamwamba pa msomali. Poyamba ndi pomaliza mzere uliwonse, idutsitseni pa msomali umene mwaika dala, mumve kuti ikulira. Mvula yoyamba ikagwa, bwerezani bwalo lonse. Ndipo tsiku lokatenga banja lanu ku Chikomeni, musananyamuke vulani nsapato muyende bwalolo kuyambira pakhonde mpaka kuseri kwa khitchini. Mukaona kuti mtima ukukana kuvula, tengani khasu muyambirenso.