Chiwaya cha Bambo

Jhang,
7 Disembala 1994

Achimwene a Mazhar,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Karachi, inu ndi alamu anga a Farhat ndi ana onse. Chifuwa chija munkadandaula nacho chinatha? Kuno kwazizira monga kumachitira mu Disembala, nkhungu ikumachoka dzuwa lili pamutu. Ine ndili bwino. Bambo sali bwino, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Koma muwerenge mpaka kumapeto, osati kudumphadumpha monga mumachitira ndi makalata anga.

Kalata yanu ndinalandira. Amalume a Mushtaq anabwera nayo pamanja, atavala malaya a pa Idi ngati akukaweruza mlandu. Nkhani yanga munaimva kwa anthu. Tsopano imveni kwa mwini wake.

Amayi atamwalira mu Malichi munakhala kuno masiku atatu, lachinayi n'kukwera sitima. Zotsatira zake ndinaziona ndekha. Bambo anasiya kudya. Ndikawapatsa chapati ankangoinyenyanyenya n'kuponyera mpheta. Munthu amene anakazinga jalebi, zokoma zija zopindapinda zoviika m'madzi a shuga, pamsika zaka makumi anayi, mpaka utsi kumupha maso, ankangogona pabedi la zingwe pabwalo, nkhope italoza kukhoma.

Tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuti chimene akulakalaka ndi jalebi zoviika mumkaka wotentha. Ndinathamanga kukagula kumsika. Analuma kamodzi n'kulavula. Anati izi si jalebi, ndi chingwe cha mbuzi chimene wina wachigwetsera mu shuga.

Ndiye ndinalowa m'kachipinda ka katundu n'kutulutsa chiwaya chawo chija. Dzimbiri lokhalokha. Ndinachikwecha ndi mchenga ndi phulusa masiku awiri. Kansalu kofinyira phala kaja, kobooka pakati, ndinakapeza mbewa zitakadya, ndipo ndinasoka kena.

Mukudziwa kuti ine sanandiphunzitsepo. Ankaphunzitsa inu, mwana wamwamuna, inu maso ali kumsewu. Ine ndinkangosuzumira ndikabweretsa chakudya chamasana, ndipo akandiona ankati ndichoke, phala la jalebi limadana ndi dzanja la mkazi.

Ulendo woyamba sindinadikire kuti phala lisase. Zinatuluka zolimba ngati chikopa. Ulendo wachiwiri linasasa mopitirira, linkathetheka m'chiwaya, mafuta n'kundiwotcha pamkono. Chipsera chake ndidzapita nacho kumanda. Ulendo wachitatu madzi a shuga anandigwirana n'kusanduka miyala.

Bambo ankamva zonse ali pabedi pawo. Mukuganiza kuti anandithandiza? Ankaseka. Ankauza mpheta zawo kuti, "Bwerani mudzaone, nkhuku ikuphunzira kusambira." Ine, mzimayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, amene ndinaika mwamuna wanga m'manda n'kubwerera kuno kudzasamala iwo, ndinkalirira m'mpango kuti asamve.

Ulendo wachinayi analephera kupirira. Nditangoponya phala anakuwa, "Iwe, mafuta amenewo apsa! Ulibe makutu? Phula nkhuni ziwiri!" Kenako anati ndiwapatse mbale ya phala. Anaviika chala, kununkhiza, kulawa. Anandifunsa ngati ndikuphika jalebi kapena tiyi, poti madzi ake anali okwana kusambitsa njati.

Anandiuza kuti ndiwakhazike pafupi ndi moto. Anandigwira pamkono, pachipsera pomwepo, n'kuyamba kuyendetsa dzanja langa pamwamba pa mafuta. Kuzungulira kawiri ndi theka, kenako kudula pakati kuti isamasuke. Anati dzanja langa ndi lolemera ngati la wowola ndowe. Anandionetsa kuyesa madzi a shuga pakati pa zala ziwiri mpaka atuluke kaulusi kamodzi, ndi kufinyiramo ndimu kuti asagwirane. Anandiuza kuti kukazizira phala limafuna kufunditsidwa bulangete ngati khanda, ndi kusiyako pang'ono la dzulo kuti lidzutse la mawa.

Anandinyoza miyezi iwiri yathunthu, achimwene. Mawu abwino amene ndinamva kwa iwo ndi amodzi okha: "Zikudyeka." Koma anadya. Masaya anabwerera.

Fungo silimangidwa mpanda. Oyamba kudzagula anali mai a Kalsum apafupiwa, mwana wawo atakhoza mayeso. Kenako anthu ochokera ku swala ya Lachisanu anayamba kuima pakhomo. Ine ndinkakazinga mkati, Bambo atakhala pampando pakhomopo. Nkhalamba zinzawo zinkawagwira manja n'kumati, "Barkat, wauka kwa akufa!". Anayamba kumeta ndevu bwinobwino, kufunsa nduwira yochapa, kukalipira anthu amene akufuna jalebi zozizira. Ndinawamva akuseka koyamba kuseka kosanyoza munthu.

Ndiye n'kubwera kalata yanu.

Munalemba kuti mwana wanu Uzma akufunsiridwa ndi banja la maloya. Ndinasangalala, Mulungu ndi mboni, mwanayo ndinamunyamulapo kumsana. Munalemba kuti anthuwo ali ndi wachibale kuno ku Jhang. Munalemba kuti munawauza kuti agogo ake a Uzma anali ndi sitolo ya nsalu. Munati mkazi wamasiye wogulitsa zokazinga pakhomo, amuna akusuzumira mkati, akupaka banja lonse matope. Munati chiwaya chichoke panyumba lero lomwe.

Sitolo ya nsalu, achimwene! Sukulu imene inakuphunzitsani kulemba bodza limeneli inalipiridwa ndi chiyani? Nsapato zimene munavala pokakwera sitima yoyamba zinachokera m'chiwaya chiti?

Amalume anasankha nthawi imene Bambo anali kumzikiti. Anabwera ndi ngolo ya bulu kudzatenga chiwaya. Ndinagwira chigwiriro chimodzi, iwo china. Ndinati amalume, chisiyeni, chinthuchi mwini wake ali moyo. Anati mwana wamkazi satsutsa mawu a mlongo wake, ndipo bambo akasiya kuona, mutu wa nyumba ndi mwana wamwamuna. Ndinawafunsa kuti mutu wanji umene umakhala kutali ndi thupi lake chonchi. Anandikankha ndi chigongono n'kuchikweza pangolo.

Tsopano ndikuuzani mbali yanga, chifukwa sindikufuna kuti muimve kwa amalume.

Pansi pa kalata yanu munalemba kuti Bambo asadziwe, ndiwauze kuti ndatopa. Ndinafuna kutero, osati chifukwa cha inu, koma chifukwa cha iwo. Lachinayi madzulo anafunsa kuti bwanji sakumva fungo la phala. Ndinati ndatopa, Bambo, msana ukundiwawa, ndasiya.

Anati ankadziwa kale. Anati mkazi ndi moto wa mapesi. Anati Mazhar akanakhala pano malo aja pamsika sakanatsekedwa, chifukwa Mazhar ndiye anabadwa ndi dzanja, Mazhar ndiye amadziwa kulemekeza dzina la bambo ake. Anati Mulungu anawalanda maso, n'kuwalanda mkazi, n'kuwasiyira chotsalira.

Chotsaliracho ndine.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kalata yanu, ndinakhala pamapazi pawo n'kuyamba kuwerenga. Pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Pa sitolo ya nsalu paja ndinabwereza kawiri. Ndili pakati anatukula dzanja n'kunena kuti, "Basi, Nighat, basi mwanawe." Sindinasiye. Ndinawerenga mpaka padzina lanu, kenako n'kuwauza amene anatenga chiwaya.

Sindinachite zimenezi chifukwa chokonda choonadi. Ndinkafuna kuti ziwapweteke. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha amve mmene ndimamvera ine. Tchimo limeneli ndi langa, sindikulipatsa munthu.

Bambo anabwerera pabedi pawo. Chakudya sanachikhudze.

Lachisanu m'mawa anafunsa nduwira ndi ndodo yawo. Anati ndiwaperekeze kwa a Mushtaq. Ndinati ndiitane ngolo ya hatchi, anakana. Ndinati tidzere njira ya kuseri, anakana. Anati tidutsa pakati pa msika.

Tinayenda, dzanja lawo lili paphewa langa. Titafika pamene panali malo awo, pamene pano akugulitsapo mapulasitiki, anthu anayamba kuwalonjera. Iwo anaima n'kufuula monga ankaitanira makasitomala kale: "Nsalu, nsalu! Barkat wa nsalu wafika! Ndani akufuna ya ukwati?" Anthu anafa nako kuseka, ankayesa nthabwala za ukalamba. Ine ndekha ndinkadziwa kuti si nthabwala.

Kwa amalume anakana kulowa. Anakhala pansi penipeni pageti, padothi lonyowa ndi nkhungu. Amalume anatuluka akuti alamu lowani, anthu akuona. Bambo anati, "Aone. Nyumba ya wakuba sindilowa. Mushtaq, mimba ukuikokayo ndinaimanga ndine, wadya jalebi zanga ulere kuyambira tsiku limene ndinakwatira mlongo wako. Lero ukundibera ndili kumzikiti? Tulutsa chiwaya changa."

Amalume anayesa kutchula dzina lanu. Bambo anati asawauze za anthu a ku Karachi, iwo akulankhula ndi mbala ya ku Jhang. Akazi a m'nyumba zoyandikana anali atadzaza m'mawindo. Chiwaya chinatuluka.

Ndinati tipeze wonyamula. Anati chiwaya chawo sichikweranso bulu. Anagwira chigwiriro chimodzi, ine china, ndodo n'kuipanira m'khwapa. Mukudziwa kulemera kwake. Tinayenda choncho mpaka pokhotera kwathu, pangalande paja. Ndinawauza kuti tukulani phazi. Anatukula, koma njerwa inali yoterera.

Anagwa, fupa la m'chiuno linathyoka. Ndinalimva ndi makutu anga.

Kuchipatala anatisunga masiku asanu ndi limodzi. Dokotala anati mtima wawo sungapirire opaleshoni, tiwatengere kunyumba. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti nkhalamba zikagona chonchi m'nyengo yozizira, chimene chimazitenga si fupa, ndi chifuwa. Kuyambira Lolemba chifuwacho chayamba kulira.

Amalume akuuza aliyense kuti ndawapha ndine ndi pakamwa panga. Mwina akuuzani kale pa telefoni. Sindikukana gawo langa. Koma tinawagwetsa tilipo atatu, achimwene: wolemba, wonyamula ndi wowerenga. Mwa atatufe, amene akuwatembenuza kuti asachite zilonda ndi mmodzi. Amene akuwasambitsa, kuwachotsera zoipa, iwo akulira ndi manyazi kuti mwana wamkazi akuona thupi lawo, ndi mmodzi yemweyo.

Chiwaya chili pamoto. Lachisanu lapitali ndinakazinga, ndipo likubwerali ndikazinganso. Ndinakokera bedi lawo pafupi ndi khomo kuti azimva mafuta. Akadali kundikalipira, ngakhale mawu achepa. Maloya anuwo muwauze zimene mukufuna. Muwauze kuti mlongo wanu ndi wamisala, kapena kuti mulibe mlongo. Ine sindisiya.

Koma chimene chikundidya si chimenecho. Ndinkayesa kuti atamva kalata ija akutembererani. Ndinkadikira. Mpaka lero sananene liwu limodzi loipa pa inu. Alendo akabwera kudzawaona amawauza kuti mwana wawo wapanikizika ndi ntchito yaikulu ya boma. Ngolo ikaima pamsewu amadzutsa mutu n'kunena kuti, "Nighat, kaone pakhomo." Ndimapita, ndikudziwa kuti palibe munthu. Ndikabwerako safunsa. Amangobweza mutu papilo.

Dzulo ndinawauza kuti ndikulemberani. Anati ndisakuvutitseni, muli ndi ukwati woti mukonze.

Ndiye ndikukuvutitsani. Bwerani.

Musatumize uthenga kudzera kwa amalume, geti lathu sadzalowanso. Musatumize bulangete kapena mankhwala a m'mabotolo okongola. Bwerani inuyo, ndi miyendo yanu. Ine sindikukufunani, ndisakunamizeni, ndipo sindinakukhululukireni. Koma ndidzakuyalirani pogona, ndidzakuphikirani, ndipo pamaso pa Bambo sindidzatsegula pakamwa. Mudzakhale pamphepete pa bedi lawo, muwalole akugwireni kumaso. Ngakhale musapepese. Iwo sakudikira kupepesa kwanu.

Sitima yochokera ku Karachi imanyamuka tsiku lililonse. Ngati mukuchita manyazi kudutsa pamsika, dzerani njira ya kumanda. Ndi yaifupi, ndipo mukachedwa ndi yokhayo imene mudzaifune.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Uzma mumuuze kuti azakhali ake akumupempherera banja la mtendere, iye alibe mlandu. Ang'onoang'onowo muwapsompsone pamphumi. Mai a Kalsum akupereka moni, ngakhale sindikudziwa chifukwa chake.

Mulungu akusungeni, akupatseni moyo wautali, ndi ana amene sadzabisa dzina lanu.

Ndine mlongo wanu,
Nighat