Tsiku Lomwe Sunafuule

Likhubula, Mulanje
12 Julaye 1955

Wokondedwa mwana wanga Pilato,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Sozibeleko. Kuno chiperoni chatigwira sabata yathunthu ndipo amayi ako akutsokomola, koma chinangwa chachita bwino. Bulangete lija linafika.

Akundilembera kalatayi ndi mnzako Moffat. Usadabwe. Chimudulireni mwendo kuchipatala, ntchito yake ndi yolembera anthu makalata, ndipo ndasankha iyeyu dala. Ndamuuza kuti alembe liwu lililonse mmene likutulukira mkamwa mwanga, asakonze.

Akulu a mpingo anzanga andiitana Loweruka likudzali, tisanadye Mgonero. Margret, mkazi wa Moffat, wakadandaula kuti ndikubisa zoona za ngozi ija. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyankha mawu amodzi: zinalembedwa kale, Mulungu anadziwa tsikulo phirili lisanaumbidwe. Koma Margret anandiimitsa panjira ya kumtsinje nati, "Bambo a Pilato, ngati analemba ndi Mulungu, mwana wanu anathawiranji? Amathawa Mulunguyo?" Ndinamuuza kuti za Mulungu si zochezera panjira. Iye anati, "Chabwino, mukazinene pa Mgonero."

Ndinene mmene zinalili, poti Moffat akudziwa mbali yake yokha. Tinkatsika phiri titasenza matabwa a mkungudza, iwe patsogolo, ine pambuyo. Pofika pathanthwe lalitali lija khosi linali litalema, ndipo unatula thabwa kuti ulitsetseretse, monga timachitira tonse ngakhale kapitawo amaletsa. Lamulo lathu osenza ndi limodzi: usanalisiye, fuula katatu kuti "Thabwa!" kuti wapansi apatuke. Iwe unatsegula pakamwa. Ine ndinali nditaona chipewa cha kapitawo kuseri kwa mitengo, ndipo ndinati, "Khala chete, lisiye." Unalisiya. Pansi m'nkhungumo munali Moffat, akukwera.

Apa Moffat waika cholembera pansi. Ndamupempha kuti apitirize, ndipo ndati alembenso zimenezi.

Tsono wolakwa ndani, mwana wanga? Ndikati ndiwe, n'zoona, unali ndi ndevu kale, lamulo ukulidziwa. Ukanatha kufuula. Koma anakulera ndani kuti ndikanena kanthu usamabweze mawu? Ndine, ndipo ndinkanyadira pamene anthu ankati ana a Sungani sauzidwa kawiri. Ndikati ndine, nanenso sindinadziumbe. Bambo anga anachoka kwa Apwitikizi ali ndi zipsera za chikoti kumsana, nandiphunzitsa kuti ukaona kapitawo, meza mawu. Mantha amenewo ndinakula nawo, ndipo tsiku lija analankhula ine ndisanaganize. Ndikautsata chonchi, mlandu ukungobwerera m'mbuyo mpaka kwa anthu a kumanda, kuno osatsala woti apepese. Komatu Moffat akuyendera ndodo lero lino, si kumanda ayi.

Ndinawafunsa abusa mozungulira, osatchula dzina. Anati Mulungu amadziwa zonse zisanachitike, komabe munthu amasankha yekha, ndipo zonse ziwiri n'zoona. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Mutu wangawu wasenza matabwa zaka makumi atatu, koma matabwa awiri a abusawa akukana kukhala pa nkhata imodzi.

Ndikuopa, Pilato, sindikubisira. Ndikanena zoona andichotsa pa ukulu wa mpingo, ine amene ndakhala ndikudzudzula ana a eni, ndipo dzina lako nalo lidzatuluka pabwalo. Ndikabwereza kuti zinalembedwa, ndidzadya Mgonero ndili ndi bodza mkamwa. Ndikudziwa kuti kalatayi siingakupeze Loweruka lisanafike, choncho sindikudikira yankho. Lowerukalo ndidzanena kuti ndine ndinakutseka pakamwa. Zakuti pa kamphindi kaja unali ndi mphamvu yofuula kapena ayi, wodziwa ndi mtima wako. Sindikuuza kuti ubwere, sindikuuzanso kuti ukhale. Ndinakusankhira kamodzi, n'kokwanira.

Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti uzivala zofunda. Zimene ndalembazi sanazimve, ndiwauza ndekha. Mlongo wako Christobel wabereka mwana wamwamuna, dzina sitinamupatse. Amalume ako akufunsa za iwe masiku onse.

Ndamufunsa Moffat ngati tiikepo moni wake. Iye wati, "Ayi, bambo. Moni wanga adzautenge yekha kuno."

Ndine bambo wako,
Sungani