Mphepo ya ku Dzuwa Inanditengera Mwamuna

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno mawere anacha bwino m'munda wanu wa ku Chisenga, koma nyemba zinapsa ndi dzuwa. Mdzukulu amene munamusiya m'mimba anabadwa wamkazi, dzina lake Tumpale. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Bambo ake anangomunyamula miyezi iwiri.

Chaka chatha wailesi zinasokonekera kuno konse, kumangomveka phokoso. Ana a sukulu ku Lufita anafunsa aphunzitsi awo, mkamwini wanu, chifukwa chake, ndipo mukuwadziwa, funso la sayansi sankalisiya. Anawauza kuti dzuwa limauzira mphepo yosaoneka, ndipo mphamvu ya maginito imatchinga dziko ngati mpanda. Nthawi zina mizere ya mpandawo imaduka n'kulumikizana ndi ya mphepoyo, mphamvu yakunja n'kulowera kunsonga za dziko, kumpoto ndi kumwera. Kumeneko thambo limayaka mitundu, kuno mawailesi n'kufa. Ngakhale ine anandijambulira pansi ndi kamtengo, akusangalala ngati mwana.

Mwana wa achimwene a Wedisoni, yemwe anali m'kalasimo, anakafotokoza kunyumba. Achimwenewo, amene tsopano ndi wapampando wa chipani, anatolapo mawu atatu okha: mpanda waduka, akunja alowa, adzera kumpoto. Anakanena ku Boma kuti mlamu wawo akuphunzitsa ana za zigawenga.

Anthu a Boma anadzawatenga masana m'kalasi, choko chili m'manja. Anawavula nsapato, n'kuwayendetsa chokwawa mpaka pagalimoto, ana akukakamizidwa kuwomba m'manja. Nyumba ya sukulu anatitulutsamo tsiku lomwelo. Ndinapita kupolisi, anati munthu wa dzina limenelo sakumudziwa. Mvula itayamba anatibweretsera malaya awo okha, opanda mabatani. Anatiletsa kulira maliro.

Achimwene anabwera atakwera njinga ya malemuwo. Anati, "Mlongo, undithokoze. Pakanapanda ine, akanakutenga ndi iwe wemwe." Anapempha madzi akumwa, ndipo ndinawapatsa, chifukwa anyamata awo a chipani anali panja.

Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Amayi, chinawola, ndipo fungo lake lili m'mudzi monse. Anthu akandiona pachitsime amatunga msanga. Kutchalitchi benchi yonse ndimakhalapo ndekha ndi mwana.

Ndimakukondanibe, ndipo manda anu ndinalambula. Malo amene ali pambali panu achimwene akuti ndi awo. Ndikukulonjezani, ine ndili moyo, sadzagona pamenepo.

Ndine mwana wanu,
Lusubilo