Polojekiti Yandidyera Njinga ya Malemu

Lolemba, 10 Juni

Akulemba ndi Jacinta, mdzukulu wanga, mwana wa Felesiya. Ine cholembera sindinachigwirepo chibadwire. Lemba momwe ndikuneneramu iwe, usathire mchere. Ndipo izi ndi zanga, usakaonetse kusukulu.

Wabwera ndi nkhani yoti aphunzitsi awo a sayansi, a Patson, asankha pakhomo panga pano kuti pachitikire polojekiti. Ine nthungululu! Polojekiti ndimaidziwa. Ija inafika kwa a Eneless, oyandikana nane, inasiya mbuzi ndi chitenje. Akuti iyiyi ikungofuna njinga ya malemu amuna anga a Gilibati, imene yakhala chipachikire kudenga. Ndati tsitsani.

Mwanayu akuti, "Agogo, si polojekiti yotero." Ndati lemba, wabadwa liti iwe?

Lachiwiri, 11 Juni

Ndasesa m'khola. Ndawauzako a Eneless kuti nanenso andikumbukira. Angoti, "Oho. Tiziona."

Lachitatu, 12 Juni

Ndinavala chilundu cha kutchalitchi, khutu lili kumsewu wa ku Mitundu kudikira galimoto. Galimoto yake iti? Kwatulukira aphunzitsi wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, kumbuyo gulu la ana, wina zitini, wina zingwe, wina chigubu chong'ambika.

Akuti, "Agogo, vuto lanu lalikulu pakhomo pano n'chiyani?" Ndati umasiye. Akuti lina. Ndati mawondo. Akuti linanso. Ndati nkhuku, ndikayanika ufa sindichoka pamphasa. Munthu uja kuwomba m'manja! "Ana inu, talipeza vuto!" Sindinaonepo munthu wosangalala ndi mavuto a mnzake chotero.

Ndisanameze malovu, njinga aigoneka chagada ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Gudumu uko, tcheni uko. Ndafunsa kuti nanga mbuzi zibwera liti. Aphunzitsi akuti, "Nazonso zimakudyerani ufa?"

Apa m'pamene ndamva. Polojekiti ya kusukulu sibweretsa kanthu. Imatenga.

Njinga imeneyo ndi imene anandinyamulira a Gilibati mpaka ku Nkhoma, ndili ndi pakati pa amako. Lemba zimenezo. Usaseke.

Lachinayi, 13 Juni

Chinthu chimene apanga chaima pabwalo. Gudumu pamwamba pa mtengo, makutu a chigubu okolera mphepo, zitini za miyala zolendewera. Ati mphepo ikaomba chizizungulira, nkhuku zizithawa phokoso.

Mphepo osabwera. Tambala wanga wakwera pamwamba pake, waliranso kumene, nkusiyapo chitosi. Zazikazi zili pa ufa.

Aphunzitsi osachita manyazi. Akuti, "Lembani ana, kulephera n'kuphunzira." Ndati ngati zili choncho ineyo ndine dokotala.

Lachisanu, 14 Juni

Mwera wabwera, wabwera ndi abale ake omwe. Chinthu chija chinayamba bwino, ngwe ngwe ngwe, ana kuvina. Kenaka misala. Miyala kutuluka m'zitini ngati legeni. Nkhuku zinathawadi, sindinama. Galu anathawa. Aphunzitsi anabisala kuseri kwa nkhokwe akukuwa, "Chikugwira ntchito!" Ufa wonse unapita cha ku Nathenje.

A Eneless aima patali, beseni kumutu ngati chipewa, ati, "Anzathu, mbuzi zija zagona bwanji?"

Ndawaitana aphunzitsi. Ndati bambo, ndinu mwana wabwino, koma njinga ya amuna anga ibwerere kudenga yathunthu. Apo ayi ndikagona pakhomo pa ahedi. Ati palibe vuto, kuibwezera nayonso ndi sayansi. Kwa iwowa chilichonse ndi sayansi.

Loweruka, 15 Juni

Ndayang'ana kudenga. Pangotsala zingwe. Lero sindilankhula zambiri.

Lolemba, 17 Juni

Amene amanganso njinga ija ndi atsikana okhaokha, Jacinta ndiye kapitawo. Anyamata anawaika kogwira mtengo. Amata machubu, athira mafuta a makina m'tcheni, apopa. Njinga imene inauma ngati chikuni, lero gudumu likuyenda lokha, tchiii.

M'mbale munatsala tizitsulo. Ndafunsa, nanga uto? Jacinta akuti, "Tosafunika kwenikweni, agogo. Takwerani muone."

Ine ayi. Ana onse, "Akwere! Akwere!" Anandinyamula ngati thumba la mtedza, khalu pakaliyala. Ndinagwira mwanayu m'chiuno monga ndinkagwirira agogo ake aamuna, ndipo amapalasa mopendama chimodzimodzi, magazi sanama. Tinatsetsereka kudutsa pakhomo pa a Eneless, ine dzanja m'mwamba ngati mkazi wa bwana. Ndati basi, ima apa.

Akuti, "Agogo, tizitsulo tija n'ta mabuleki."

Tinakaima ndi mulu wa masangwi a mtedza wa a Eneless. Miyendo m'mwamba, duku kwina. A Eneless anaseka mpaka kukhala pansi, nkubwera kudzandizula. Atandisasa ati, "Koma imathamanga. Lachitatu mungandibwereke ya kuchigayo?" Ndati tiziona.

Aphunzitsi anafika wefuwefu, ati, "Tapeza vuto lina!" Ndati mukalipezere kwanu.

Tsopano mwanayu akufunsa ngati aipachike kudenga. Iyayi, isiye pakhomopo, uyedzeke kukhoma. Mawa ubwezeremo tizitsulo tako, uzipitira kusukulu. Koma ukaimasulanso ndidzakumasula makutu.

Tseka bukulo. Chiuno chikuwawa, ndatopa. Ndiyalire mphasa ndigoneko.