Ndikumayambira Tsamba Lomaliza

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, tikudzuka ndithu.

Sabata ino ndamaliza buku linanso la nthano. Muli mtsikana wosoka nsapato amene anakana kugwadira chinjoka cholavula moto. Ameneyo ndiye wanga! La sabata yatha linandinyansa. Mfumukazi yake inkangolira, kudikira kuti wina adzaipulumutse. Ndikanaliponya pawindo la chipatala, koma dzanja linali ndi diripi.

Apongozi akuti mabukuwa ndi a ziwanda, munthu wodwala ngati ine azigwira Baibulo basi. Ndinawayankha kuti, "Amayi, Mulungu ndimalankhula naye m'mawa uliwonse, ndipo sanadandaulepo." Anakawabisa pansi pa bedi lawo, ine n'kukawatenga iwo akuona.

Lachinayi adokotala anaitanira bambo a ana pambali. Zimene anawauza tidzakambirana mukabwera, koma musachedwe kwambiri.

Paja munkandikalipira ndikasuzumira tsamba lomaliza. Masiku ano ndikumayambira komweko, ndipo wondiletsa palibe. Munditumizire buku lina, lalikulu kwambiri. Ndilimaliza basi.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja.