Zitenje Zanu pa Mazenera a Galimoto

Amayi anga,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Chifuwa chija chinakusiyani? Ndimadzitonthoza kuti kumeneko kulibe kuzizira kwa ku Ruaka kuno ku Nairobi, kumene munkadandaula nako m'mawa uliwonse mutadzikulunga bulangete mpaka m'makutu. Ife kuno tilipo, tikupuma.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkanena kuti mlendo sumupatsa tsabola usanamupatse madzi. Khanda lija munalisiya lili ndi masabata awiri tinalitcha dzina lanu, Elube. Pano ali ndi miyezi khumi, wamera mano anayi, ndipo amakwawa chobwerera m'mbuyo mpaka kukakodwa pansi pa mpando. Akakwiya amatulutsa mlomo wapansi, ndendende inuyo. Mkulu wake Takondwa Chiswahili chamulowa m'magazi. Ndikamutuma m'Chichewa amapita ndithu, koma kuyankha amayankha m'chinenero cha anzake a pa masitepe.

Kumudzi achimwene akuti kachewere wachita bwino kudimba, koma chimanga sichinakondweretse chifukwa mvula inadula ngaiyaye zikuyamba. Denga la khitchini yanu linagwa, akuti alikonza akapeza udzu. Mbuzi yanu yopanda nyanga ija inaswa awiri, ndipo ikadali ndi khalidwe lake lolowa m'nyumba za eni.

Tsopano tsabola uja. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nelesi, akhala akundiimbira foni. Chiliza chanu tiika mu Seputembala, ndipo zovala zanu sizinagawidwe mpaka lero. Akuti zochepa zimene zinatsala m'nyumba sanazikhudze, akudikira sutikesi imene munabwera nayo kuno, chifukwa zitenje zanu zonse zabwino munalongedza m'menemo. Akufuna abale anu aakazi adzakhale pamphasa, aliyense alandire chake monga mwa mwambo. Amayi, sutikesiyo ilipo. Zitenje ndizo mulibe.

Galimoto ija mukuikumbukira. Minibasi yakale yonyamula alendo okaona nyama, ya denga lotukuka, imene bambo a Takondwa anagula n'kulengeza kuti aisandutsa nyumba yoyenda, tizikagona kutchire ngati banja la masiku ano. Loweruka lililonse ankadutsa Nairobi yense kupita ku Kitengela kwa fundi wawo, mmisiri uja wowotcherera zitsulo, kukaimirira tsiku lonse akuonerera akuiboola. Inu munkaseka. Munkati mwana wanga ali pa mitala, mkazi wamng'ono amakhala ku Kitengela ndipo amamwa dizilo.

Munabwera kudzandidikirira kuti ndichire, koma amene anagona ndinu. Adokotala atanena kuti ndi mtima wanuwo simungakwere ndege, munapempha chinthu chimodzi chokha. Munati, "Ndigonekeni m'kagalimoto kanuko mundipititse ku Ntcheu. Sindikufuna kufera m'mwamba muno ngati njiwa ya padenga." Mkamwini wanu anagwada bwinobwino, manja pamodzi. "Amayi, masabata awiri okha. Bedi sanamalize, komanso zitsulo za kunsi n'zofunika kusintha. Msewu wa ku Tanzania ndi wautali." Masabata awiri atatha kunabwera nkhani ya thanki ya madzi. Thanki itakhala, batire linachepa mphamvu. Inu munangoti, "Zengerezu adalinda kwawukwawu," n'kutembenukira kukhoma.

Ndisaname pamaso panu, inenso ndinali mbali yawo. Ndinkafuna mukhalepo pamene ndikupita ku opaleshoni, ndiye akati galimoto sinathe, mumtima ndinkati zikomo. Munakhalapodi, mwana munamusambitsa katatu. Kenako munapita kwanu pa ndege yomwe ija anakuletsani, koma kunsi, pamodzi ndi katundu wa anthu. Ine ndi bala langa sindinathe kukuperekezani. Manda anu ndinangowaona pa foni.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mutangopita, galimoto inatha msangamsanga. Sola padenga, kafiriji, chitofu cha gasi, matayala akuluakulu a mano, kachimbudzi kake, ngakhale shawa ya madzi otentha. Bedi limene linakanika miyezi itatu linatha m'masiku anayi. Ine sindinkapitako, ndinkangomva pa tebulo tikudya.

Sutikesi yanu inali pakona m'chipinda cha ana. Ndikalowa kukayala ndinkaiona, ndikaiona ndinkalira mpaka mwana kukana bere. Tsiku lina ndinawauza bambo a Takondwa kuti aichotse pamaso panga. Anainyamula, anati akaisunga pabwino. Sindinafunse kuti pabwinopo ndi pati, ndipo kusafunsa kumeneko ndidzafa nako.

Pa Pasaka anati ulendo woyamba wakwana, tikupita ku Naivasha ndi mabanja ena atatu a kuntchito kwawo amene ali ndi magalimoto otere. Ndinavomera chifukwa cha Takondwa, amene anali atalongedza kale tochi ndi nsapato. Ine ndinakwera kutsogolo ndi mwana pamiyendo, kumbuyoko sindinasuzumire n'komwe. Titafika masana, dzuwa lili pamutu, amuna anayamba kuonetsana magalimoto ngati anyamata oonetsana njinga. Mkamwini wanu anatsegula chitseko cha m'mbali, anaitana anthu onse, n'kuyamba kumasula makatani amene anali opindidwa m'mwamba. "Amayi a Takondwa, bwerani mudzaone. Ichi ndinakubisirani dala."

Amayi, pa zenera lalikulu panatsika chitenje chanu chobiriwira cha nkhanga, chimene munavala pa ukwati wanga. Anachidula pakati, nkhanga zina mitu kuno, michira uko. Chabuluu cha makapu chija anakutira nacho makhushoni, ndipo bowo lija munaliwotcha ndi khala la mbaula analisoka mwaluso kuti lisaoneke. Chofiira chimene munkaberekera Takondwa chinali matumba oikamo masipuni. Cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, chimene munkachisita ndi kuchipinda panokha osalola munthu kuchigwira, anachipachika pakhomo la kachimbudzi.

Mayi wina wa ku Kenya, munthu wabwinobwino wosadziwa kanthu, anakwera ndi mbale yake ya nyama yowotcha n'kukhala pa makapu anu aja. Anasisita khushoni n'kunena kuti, "Iko smart sana," kutanthauza kuti zakongola. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinakhala pansi pa udzu ndi mwana.

Ndinawakokera bambo a Takondwa kuseri kwa galimoto. Ndinkayesa ndikuwa, koma mawu ankatuluka ang'onoang'ono. Iwo nkhope ili gwa, osaona cholakwa, anati, "Zimangokhala m'sutikesi, njenjete zikanadya. Ndimati muzimva ngati amayi akuyenda nafe kulikonse." Ndinawayankha kuti amayi anapempha ulendo umodzi wokha, ndipo ulendowo sunali wa ku Naivasha. Iwo anangondipempha kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa anzawo.

Musawaikire kumbuyo kuti anakulira m'tauni. Mwambowu amaudziwa. Bambo awo atamwalira, amalume awo anakhala pansi ku Zomba n'kugawa zovala, ndipo jekete lakuda limene amapita nalo kutchalitchi ndi lomwelo. Akalivula amalipachika okha, salola ngakhale ine kulichapa. Jekete la bambo awo ndi la malemu, koma zitenje za mayi anga ndi nsalu basi.

Tinakhala kumeneko masiku atatu. Ine m'galimoto sindinagonemo, ndinadziyalira m'tenti ndi Elube. Takondwa anasangalala kwambiri, anaona mvuu ndi mbidzi, ndipo ankauza ana anzake monyadira kuti makatani athu ndi a agogo. Sindinamuletse, pakuti sananame.

Titabwerera, amayi aang'ono anaimba. Anafunsa ngati katundu wa achemwali awo ali bwino. Ndinati ali bwino. Patapita mwezi anafunsanso, ndinatinso ali bwino. Ine, mwana wanu amene munandimenya ndi chipande chifukwa chonama za shuga, ndinanamiza mng'ono wanu kawiri popanda kuphethira.

Nzeru inachokera kwa mkamwini wanu. Anati ku Eastleigh, dera la masitolo kuno ku Nairobi, kuli nsalu za mtundu uliwonse, tikagule zofanana, tizichape kangapo kuti zioneke zakale, kumudzi ndani angazindikire? Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinawalavulira. Ayi, ndinapita. Ndinazungulira m'masitolo tsiku lathunthu mwana ali kumsana, mpaka ndinapeza zofananirako, ngakhale ya nkhanga, koma nkhanga zake zonenepa. Ndinazichapa kanayi, ndinaziyanika pa dzuwa sabata yonse kuti zisuluke. Tsiku lina ndinadzipeza nditagwada pakhonde, ndikukhuta nsalu pa simenti kuti ipyapyale m'mphepete, ndikulingalira kuti nditenge khala ndiwotche kabowo. Pamenepo manyazi anandigwira. Ndimakonza zoti ndikaike bodza pamphasa, akulu anu ndi ang'ono anu alilandire ndi manja awiri, alinunkhize akulira.

Lachiwiri lapitali ndinasiya mwana kwa mnzanga, ndinakwera maminibasi awiri, amene kuno amati matatu, mpaka ku Kitengela, m'chikwama muli lezala. Galimoto inali komweko, poti tsopano akuikweza kuti izitha kudutsa m'mitsinje. Fundi uja nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anati ankayesa ndi nsalu zogula pa kaunjika, anati kwawonso zovala za maliro sasewera nazo. Anangobwereza kupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mama, pole," n'kupita kukanditengera thumba la zotsalira. Zidutswa zina anali atapukutira kale oyilo. Chimodzi ndinachichotsa m'manja mwake, chakuda bii, koma diso la nkhanga likuonekabe.

Ndinalowa m'chipinda cha kumbuyo cha galimotoyo koyamba, ndinakhala pa bedi lanu lija, n'kuyamba kusosola ulusi umodziumodzi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Telala wake anasoka molimba, zala zinatuluka magazi. Fungo lanu linali litachokamo, m'malo mwake muli utsi wa nyama ndi mafuta a galimoto. Ndinapinda chidutswa chilichonse, ngakhale chaching'ono ngati chikhatho, n'kubwezera m'sutikesi, imene ndinaipeza pansi pa bedi atasungiramo masipanala.

Bambo a Takondwa atapita Loweruka n'kupeza mazenera ali mbee, anangobwerera kunyumba. Tikudya anangoti, "Dzuwa liwononga mipando." Ndinawayang'ana, ndinayang'ana ana, ndinapitiriza kudya. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, ndipo sindikudziwa ngati munthu ameneyu ndi woipa mtima kapena mtimawo unangopita ku matayala.

Dzulo titachoka kutchalitchi ndinawaimbira amayi aang'ono, ndinawauza zonse, ndi za ku Eastleigh zomwe. Kumbali kwawo kunkamveka nkhuku. Kenako anafunsa, "Mphatso, palibe n'chimodzi chomwe chatsala chathunthu?" Ndinati palibe. "Ngakhale cha nkhanga?" Ndinati ngakhale chimenecho.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anati chitenje chimenecho munagula muli awiri pa msika wa ku Lizulu, ndipo munapangana kuti amene adzatsale adzachisunge, tsiku lake likadzafika abale adzamufunditse chomwecho m'bokosi, kuti mukadzakumana mudzazindikirane msanga. Anaseka pang'ono ponena zimenezi, kuseka kwa munthu amene akulira. Amayi, pangano limeneli simunandiuzepo.

Ndinati ndilumikiza zidutswazo ndi singano, ndidzasoka bwino. Anakana. "Usasoke, mwanawe. Ubwere nazo momwe zililimo. Amene anadula adzakhale pamphasa, adzatipatse yekha chimodzichimodzi, tidzamuone m'maso." Uthengawo ndaupereka. Mkamwini wanu wati aganiza kaye, chifukwa mu Seputembala anzawo akukonza ulendo wa kumpoto ndipo iwo ndi amene akutsogolera.

Sindiwanyengerera. Akabwera, abwera ndi miyendo yawo. Akapanda kubwera, pamphasapo ndidzakhala ndine, ndidzatsegula sutikesi ndekha, ndipo manyaziwo ndidzawasenza chifukwa theka lake ndi langa. Cha nkhanga ndachapa ndi manja, oyilo wakana kuchoka, koma ndidzachipereka kwa amayi aang'ono nditagwada, zidutswa zisanu ndi chimodzi.

Ndikubwera, amayi, ndikulonjeza. Ndibwera pa basi ndi Elube, sutikesi ili pa mapazi anga, ndipo ndisanalowe m'nyumba ya munthu aliyense ndidzayamba kwa inu, mudzaone mdzukulu wanu mmene wakulira. Za galimoto sindikupemphani kuti muwakhululukire, zimenezo mudziwa nokha. Ine ndikupempha zanga: munkafuna kupita kwanu, ndipo ine ndinakondwa kuti simunapite.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Mphatso